Wa ku Mbungo amakwera popita ku Lilongwe

Mwana wa sukulu ku Mbungo, pachilumba cha Likoma, akayang'ana mapu a Malawi amaona Lilongwe ili m'munsi, kumwera, ndipo amati kulikulu n'kotsetsereka. Agogo ake amene anayendapo ulendowo amakana. Olondola ndi agogowo.

Nyanja ya Malawi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 470 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, pamene Lilongwe ili pa mamita oposa 1,000. Madzi nawo amachitira umboni. Mtsinje wa Lilongwe umathira mu Linthipe, Linthipe n'kukathira m'nyanja cha ku Salima. Mvula yogwa mumzindawo imatsikira kwa asodzi, ndipo n'chifukwa chake ntchito yotenga madzi ku Salima kupita ku Lilongwe ikufuna makina amphamvu opopera.

Chitunda chenicheni amachimva ndi wapaulendo. Amayamba wadikira tsiku la Ilala, sitima yomwe yakhala pamadzi kuyambira 1951 ndipo imadutsa kamodzi pamlungu polowera mbali iliyonse. Ikaima ku Chizumulu, n'kudzakocheza ku Nkhata Bay patapita maola ambiri, munthu amakhala atangofika kumtunda, ulendo usanafike n'pakati pomwe. Akasankha msewu wa M5 amalambalala gombe kudzera ku Nkhotakota, kenaka basi n'kuyamba kulira pazitunda za pakati pa Salima ndi Lilongwe. Akadzera ku Mzuzu amakwera msangamsanga, n'kudutsa m'nkhalango yozizira ya Chikangawa asanatsikireko pang'ono ku Kasungu. Mwera ukavuta panyanja, zonsezi zimayamba zaima. Ndege yochoka ku Likoma iliko, koma mayi wogulitsa usipa angaikwanitse bwanji?

Kale Likoma inali likulu payokha. Amishoni a UMCA anakhazikika pachilumbachi m'ma 1880, ndipo tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chomwe anayamba kumanga mu 1903, chinkakoka anthu a m'magombe onse awiri. Likulu la dziko linachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, n'kuyandikirako kumpoto, koma nyanja sinachepe.

Amene amaitana mphunzitsi kapena wopuma pantchito wa ku Mbungo kuti "mubwere mawa ku ofesi" azikumbukira chitundachi. Likoma ndi boma palokha. Zikalata zomwe zingathe kusainidwa pachilumba pompo zisainidwe pompo, akuluakulu a boma a ku Capital Hill ku Lilongwe ndiwo azitsikira kunyanja.