AKAFULA A KU KALEMBA: CILALA SICINAWATHE

Mwezi uno nkhani yathu ndi ya anthu amene anakhala m'dziko lino la Chadiza makolo athu asanafike. Ambiri a ife tinamva za iwo m'nthano za madzulo. Ena amawacha Akafula, ena Abathwa, ena Amwandionerapati. Akuluakulu amasimba kuti anali anthu aafupi msinkhu, odziwa uta ndi muvi, osalima ndi osaweta. Akuti ukakumana naye m'chire anali kukufunsa kuti, "Mwandionera pati?" Ukayankha kuti pafupi pomwe pano, nkhondo inali kubuka, koma ukati wamuonera kutali, iye anali kukondwa n'kukuleka upite.

Nthano imeneyi imaseketsa ana, koma anthuwo sanali a m'nthano cabe. Anakhaladi kuno, anabala ana, anaika maliro ao, ndipo anapirira kusintha kwa nyengo koposa kumene ife taonapo. Popeza masiku ano mvula yayamba kutinyenga, n'koyenera kuti tifunse: kodi anthu amenewa anapulumuka bwanji kwa nthawi yaitali conco, ndipo cinawatha n'ciani?

Umboni wa m'phanga

M'boma lathu lino muli phanga lochedwa Kalemba. Ndi thanthwe lalikulu lowerama, limene pansi pake anthu angabisale mvula ndi dzuwa, ndipo pakhoma pake pali zithunzi zakale. M'caka ca 1971 katswiri wofufuza zakale, David Phillipson, anakumba pansi pa thanthweli. Anakumbanso m'mapanga a Makwe ku Katete ndi Thandwe kufupi ndi Chipata, ndipo zimene anapeza anazilemba m'buku limene linatuluka mu 1976.

Dothi la m'phanga limaunjikana pang'onopang'ono. Za m'badwo wakale zimakhala pansi, za m'badwo watsopano pamwamba. Conco wokumba mosamala amawerenga mbiri kucokera pamwamba kunka pansi, ndipo makala a pa moto wakale amapimidwa kuti adziwike zaka zake. Ku Kalemba kunapezeka kuti anthu anayamba kukhalako zaka zoposa 35,000 zapitazo. Tiyerekeze ndi ife. Ulimi ndi citsulo zinafika m'dera lino zaka zosakwana 2,000 zapitazo. Ndiye kuti pa nthawi yonse imene anthu akhala akugona ku Kalemba, nthawi ya khasu ndi kacigawo kakang'ono ka kumapeto.

Nyengo inasintha, iwo anasintha nayo

Tisaganize kuti m'zaka zonsezo dziko linali monga tilionera lero. Pafupifupi zaka 20,000 zapitazo dziko lonse lapansi linazizira kwambiri. Maiko a kumpoto anakutidwa ndi madzi oundana, ndipo mbali zambiri za Africa zinauma: nkhalango zinacepa, nyanja zinaphwera. Patapita zaka zikwi zingapo kunafundanso, mvula inaculuka, mitengo inabwerera. Kusintha kotere kumasuntha nyama ndi zomera, ndipo munthu wodalira chire ayenera kuphunzira mwatsopano kumene cakudya cili.

Zipangizo za ku Kalemba zionetsa kuti anthuwo anaphunziradi. Pansi penipeni pali miyala ikuluikulu yosema, yoyenera mkondo ndi mpeni wa m'manja. Pokwera m'mwamba miyalayo inka nicepa, mpaka kufika pa tizidutswa takuthwa tonga cikhadabo. Timeneti anali kutimata ndi utomoni pa mtengo kuti tikhale nsonga za mivi kapena mano a mpeni. Kamodzi kakathyoka, anali kucotsa komweko n'kuikapo kena. Muvi umafika pamene mkondo sufika, ndipo m'nkhalango yowirira mlenje wa uta amapha gwape, insa ndi mbira popanda kuthamangitsana nazo. M'mapanga a kuno munapezekanso mphero, zipangizo za mafupa ndi mikanda.

Mphero zitiuza kanthu kena: sanali kudalira nyama yokha. Chire la kuno lili ndi cakudya ca nyengo iliyonse kwa amene alidziwa. Kuli masuku, maula, matowo, nthudza ndi mateme; kuli bowa wa m'dzinja, uci, mphalabungu, inswa, mbewa, ndi mizu yokumba. Cimodzi cikalephera, cina cinalipo. Madzi akauma pano, anali kunyamuka ndi katundu wocepa n'kupita kumene kuli dambo. Nkhokwe yao inali nkhalango yonse, ndipo cotsegulira cake cinali nzeru imene mai anali kupatsira mwana wake.

Ubale unali cuma

Munthu amasamukira kwa eni pokhapo ngati eniwo angamulandire. Apa m'pamene pali nzeru yao yaciwiri. Mu 2022 akatswiri anafalitsa zimene anapeza atapima DNA, ndiko kuti cibadwa cobisika m'mafupa, ca anthu akale a m'Zambia, Malawi ndi Tanzania. Mmodzi mwa iwo anali munthu woikidwa ku Kalemba pafupifupi zaka 5,000 zapitazo. Ena anali a ku phiri la Hora ku Mzimba. Anapeza kuti m'matupi mwa anthuwa munasakanikirana mitundu itatu ya makolo: a kum'mawa kwa Africa, a kumwera, ndi a m'nkhalango za pakati. Izi zitanthauza kuti kalekale alenje amenewa anali kuyenda maulendo aatali, kukwatirana ndi kudziwana ndi anthu a kutali.

Anthu ena amene anasunga moyo wotere mpaka m'nthawi yathu atithandiza kumvetsa. Pakati pa Ahadza a ku Tanzania, nyama yaikulu ikaphedwa imagawidwa pa msasa wonse. Pakati pa Asan a ku cipululu ca Kalahari, ofufuza a m'zaka za m'ma 1970 anapeza mwambo wopatsana mphatso, monga mikanda, ndi abwenzi okhala kutali. Cilala cikagwa kwanu, unali kupita kukakhala kwa bwenzi lako, ndipo iye sakanakukaniza madzi. Makolo athu anati kupatsa n'kuika. Alenje anaudziwa mwambi umenewu m'zocita, cifukwa nyama siisungika, koma cifundo cimene wacitira mnzako cimasungika.

Pamene khasu linafika

Zaka zoposa 1,500 zapitazo kunafika anthu a mtundu wina, odziwa kusungunula citsulo, kuumba mbiya ndi kulima. Mudzi wao umodzi wakale unapezeka ku Kamnama, kumpoto kwa Chipata. Alenje sanathawe tsiku lomwelo ai. Umboni wa m'mapanga uonetsa kuti anapitiriza kusema miyala yao kwa zaka mazana ambiri alimi ali pafupi. M'dothi la pamwamba, pakati pa tinsonga ta miyala, mumapezeka mapale a mbiya. N'kutheka kuti anali kusinthana: uyu uci ndi nyama, uyo mbiya ndi mapira.

Koma munda ndi chire sizikula pamodzi. Mudzi ukakula, nkhalango imagwa, nyama zimathawa, citsime cimene cinali ca aliyense cimakhala ndi mwini. Anthu amene anapirira kuzizira ndi cilala cifukwa anali ndi kothawira, tsopano anapeza kuti kothawirako kwalimidwa. Anatsalira m'mapiri, ndipo pang'onopang'ono anatha. Nthano zina za Acewa zimakumbuka nkhondo pakati pa makolo ndi Akafula. Kafukufuku wina wa mu 2017, wopima mafupa a ku Hora, Fingira ndi Chencherere m'Malawi, anaonetsa kuti cibadwa ca alenje akalewo sicioneka kwenikweni mwa anthu okhala m'Malawi lero. Cinenero cao cinapita, maina amene anali kudzicha okha anapita. Catsala ndi dzina lowaseka, ndi zithunzi zofiira za mizere ndi zozungulira pa matanthwe.

Pa matanthwe omwewo makolo athu anadzajambula zao zoyera, za cinamwali ndi za Nyau. Ku Chongoni, m'dera la Dedza, kuli malo 127 a zithunzi zotere, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse mu 2006. Palinso cina coyenera kucikumbukira. Mbiri ya pakamwa imati m'zaka za m'ma 1800, pa nthawi ya nkhondo za Angoni, anthu a kuno anali kubisala ku Kalemba. Ana a alimi, tsoka litawagwera, anathawira m'nyumba ya anthu aja amene anali kuwanyoza.

Nanga ife?

Sitikunena kuti titaye makasu n'kubwerera kumapanga. Moyo wa alenje unali wowawa: ana ambiri anali kufa ali aang'ono, ndipo chire silingadyetse anthu oculuka monga tilili lero. Koma tiyang'ane pamene taima. Cimanga ndi mbeu yacilendo, yocokera ku America, imene inafika mu Africa pambuyo pa caka ca 1500. Lero m'midzi yambiri ca nsima ndi cimanga cokha. Mapira ndi mawere, zimene zimapirira dzuwa, zasowa m'minda yambiri. Cimanga cikapsa, zonse zapsa.

Acikulire akumbuka cilala ca 1992 ndi ufa wacikasu wa thandizo. Ana athu aona cao: pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse, ponena kuti mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a cimanga, mwa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa, anaonongeka. Pa nthawi zotere anthu amakumbukira chire. Koma chire limathandiza pokhapo ngati likalipo, ndiponso ngati alipo wolidziwa. Mtengo wa msuku umene wasanduka thumba la makala, kapena nkhuni zoumitsira fodya, sudzabalanso. Bowa amamera pansi pa mitengo ya m'nkhalango ya kale lomwe. Mitengoyo ikatha, bowa nayenso amatha. Mpama ndi cakudya kwa mai wodziwa kuuphika ndi kuusukuluza, koma kwa wosadziwa ndi poizoni. Safunsa anadya phula. Gogo wodziwa zimenezi akamwalira osafunsidwa, nzeru ya mibadwo yosawerengeka imaikidwa naye m'manda.

Tsono pali zinthu zimene banja lililonse lingathe popanda kudikira thandizo la kunja. Potsegula munda, tisiye mitengo ya zipatso iime. Pambali pa cimanga tibzale cinangwa, mbatata, nandolo, khobwe ndi mapira, kuti cimodzi cikakana cina civomere. Makolo atenge ana kupita nao kuchire pamodzi ndi agogo, awaonetse bowa wodyedwa ndi wakupha, muzu wabwino ndi woipa, popeza akulu ndi m'dambo mozimira moto. Mafumu ndi anthu ao agwirizane za phiri kapena dambo limene nkhwangwa siiloledwa. Aphunzitsi apite ndi ana a sukulu kukaona mapanga a kwathu, ndi kuwalangiza kuti asalembepo maina ao, asasonkhe moto pansi pa zithunzi, ndipo asakumbe pofuna cuma. Malo otere amayang'aniridwa ndi bungwe la boma la National Heritage Conservation Commission, koma mlonda weniweni ndi mudzi umene uli pafupi.

Cotsiriza ndi ici. Akafula sanathe cifukwa ca dzuwa. Anatha pamene anansi amphamvu anatenga malo onse osawasiyira poponda. Funso limeneli likali pakati pathu. M'midzi mwathu muli mai wamasiye amene acibale a mwamuna wake afuna kumulanda munda. Muli wobwera amene alibe dimba. Muli nkhalamba imene moyo wake udalira masuku ndi bowa wa paphiri limene wina afuna kuliocha makala. Pogawa malo, pogulitsa mitengo, ndi pokolola, tikumbukire anthu amenewa. Mnzako amene wamusiyira poponda caka cino ndiye adzakutsegulira citseko caka ca njala.