Bawuti ya geti siyomangira difu

Alimi anzanga a ku Kande ndi Chintheche, ambiri mwa inu amene muli ndi mapikapu onyamulira chinangwa, mpunga ndi usipa mukuwonjezera masipuling'i kumbuyo kuti galimoto isamagwade ikasenza matumba. Zimenezo ndilibe nazo mlandu. Chimene ndikukana ine ndi kubwezerapo mabawuti akale omwe aja, kapena kutola iliyonse m'chitini cha amakaniko bola yalowa pabowo.

Difu pamodzi ndi ekiselo yonse ya kumbuyo sizinawotchereredwe ku galimoto ayi. Zimagwiridwa ku masipuling'i ndi mabawuti anayi okhota aja otchedwa U-bolt, awiri mbali iliyonse, komanso kabawuti ka pakati pa masipuling'i kamene mutu wake umalowa m'kabowo pa ekiselo. Basi. Tsono mukawonjezera chitsulo chimodzi, mtolo wa masipuling'i umanenepa ndipo mabawuti akale saafikanso bwino. Nati imangoluma mazinga atatu kapena anayi, pamene iyenera kudya mazinga ake onse n'kutsalako awiri kunja.

Ngakhale atakwanira kutalika, U-bolt amene anamangidwapo kale amakhala atatamuka, mazinga ake atapindika. Kuno kunyanja onjezanipo dzimbiri la chinyontho ndi madzi a nsomba odontha m'madengu. Sipanala imalimba m'manja, inu n'kumati mwamanga, chonsecho ikulimbana ndi dzimbiri chabe.

Pogula bawuti yowongoka, monga yogwira sipuling'i ku chasisi, yang'anani pamutu pake. Yolembedwa 8.8 ndi yolimba kuwirikiza kawiri ya 4.6, ndipo 10.9 imaposa zonsezi. Yopanda nambala kapena timizere pamutu isiyireni geti la khola. U-bolt alibe mutu, choncho gulani opangidwira mtundu wa galimoto yanu, pamodzi ndi manati ake aatali ndi mawashala olimba. Musakakamize nati ya Land Rover yakale, ya muyeso wa mainchi, pa bawuti ya Toyota Hilux ya mamilimita. Imalowa pang'ono n'kudya mazinga. Ndipo aja amapinda chitsulo chomangira nyumba pa moto n'kudula mazinga, ati apanga U-bolt, akanizeni poyera.

Ena akuti ndalama n'zovuta, ndipo kukwera mpaka ku Mzuzu chifukwa cha mabawuti anayi n'kutaya tsiku. Ndikumva. Koma U-bolt akakhwepa, kabawuti ka pakati kaja kamadulika, ekiselo imasuntha mbali imodzi, galimoto n'kumayenda chammbali ngati nkhanu. Matayala atsopano amatha msanga, ndipo tayala limodzi mtengo wake umaposa mabawuti onse anayi. Ekiselo ikathawira kumbuyo ingathe kusolola shafiti yopita ku difu ndi kudula paipi ya mabuleki. Zoterezi zikugwereni pa mchenga wa ku Kande, mungotaya tsiku. Nanga pa mitsetse yochokera ku Mzuzu kutsikira ku Mpamba, kapena ya ku Usisya, amayi a geni atakhala pamwamba pa matumba?

Pomanga, galimoto iime pa matayala ake, manati muziwalimbitsa pang'onopang'ono mopingasa, osati kumaliza imodzi kaye. Mukapita ulendo umodzi wa katundu ku Dwangwa kapena ku Nkhata Bay, lowaninso pansi ndi sipanala, chifukwa masipuling'i atsopano amakhazikika ndipo manati amapezeka atakhwepa.