Ichi chakoma ichi chakoma chikugwetsa mabizinesi kwa Kalembo

Akonzi,

Ndapota nanu, ndipatseniko kadanga m'nyuzipepala yathu yokondedwayi kuti ndilankhuleko ndi anzanga ochita geni kuno kwa Mfumu Yayikulu Kalembo, makamaka pa Ulongwe ndi midzi yozungulira. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi magolosale ndi maokala amene amatsegulidwa ndi nthungululu anthu akagulitsa thonje ndi nandolo, koma pofika Januwale pakhomo pali loko.

Ukawafunsa eni ake amati vuto ndi kuchepa kwa mpamba. Sindikutsutsa kuti zinthu zathina. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola imodzi inachoka cha m'ma K1,180 kufika pa K1,700. Chaka cha 2024 ng'amba inapsereza chimanga m'minda, ndipo ogula anasowa ndalama. Koma nanga bwanji mayi wa mandasi uja akadali pamalo ake? Nanga wokonza njinga pansi pa mtengo uja bwanji sanatseke? Kodi iwowa kugwa kwa Kwacha kunawalambalala?

Ine m'kuona kwanga, amene akupirira ndi amene geni yawo ndi yosavuta kuimvetsa. Amagulitsa chinthu chimodzi, amadziwa kokapikula, amadziwa amene adzagule, ndipo dzuwa likamalowa amatha kunena phindu la tsikulo osakanda mutu.

Enafe matenda athu ndi awa. Munthu akapeza kaphindu pa tomato, mawa wayamba kaunjika, mkuja wagula njinga yamoto ya kabaza, mwezi wamawa watsegula kanyumba kotumizira ndalama pafoni. Geni iliyonse pamenepa ili ndi nzeru zake ndiponso imafuna diso la mwini. Poti munthu sangakhale malo anayi, kabaza amapatsa mphwake, kaunjika mlamu wake, ndalama zonse n'kumalowa m'thumba limodzi. Njinga ikawonongeka amatapa za tomato, belo la kaunjika likatuluka nsanza amatapa za pafoni. Mapeto ake sadziwa kuti geni imene ikubereka ndi iti, imene ikudya zinzake ndi iti. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Tiyeni tiwerengere limodzi, Akonzi. Tiyerekeze kuti munthu ali ndi K200,000 ndipo waika yonse pa katundu amene amatha sabata iliyonse, n'kumapeza K10 pa K100 iliyonse. Pa sabata wapeza K20,000, pa mwezi K80,000. Mnzake watenga K200,000 yomweyo n'kudzaza mashelefu ndi zinthu za mitundu 30 kuti golosale ioneke bwino. Sopo, mchere ndi mafuta ophikira zatha masiku atatu, koma mafuta odzola okwera mtengo ndi mbale zadothi zangokhala kuchita fumbi. Theka la mpamba wake lagona pashelefu, ndipo alibe ndalama zokapikulira zimene anthu akufuna. Mpamba umakula ndi kuzungulira.

Chachiwiri ndi ngongole. Kuyambira kale tili pansi pa boma la Machinga, Balaka isanakhale boma palokha mu 1998, tinkamva za SEDOM ndi Malawi Rural Finance Company. Mu 2005 kunabwera MARDEF, kenaka YEDEF ya achinyamata, ziwirizi n'kuphatikizidwa kukhala MEDF mu 2014, imene inasanduka NEEF mu 2020. Maina anasintha koma dandaulo linakhala lomwelo lakuti anthu sakubweza. Ena amati chifukwa chake ndi andale amene amachititsa anthu kuona ngongole ngati mphatso, ndipo n'zoona. Koma chifukwa china n'chakuti munthu amene sanayendetsepo geni ya K50,000 akapatsidwa K1 miliyoni, amayamba ndi kupenta shopu, kulembetsa chikwangwani ndi kulemba wantchito, kasitomala ngakhale mmodzi asanamupeze. Mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndiye mabanki amaonjezerapo chawo. Ya katapila ndiye musanene. Ndi golosale iti ya pa Ulongwe imene ingabereke phindu lodyetsa banja n'kubwezanso ndalama zotere?

Banki m'khonde inathandiza amayi ambiri chifukwa malamulo ake ngosavuta: anthu odziwana, ndalama zochepa, kubwereka molingana ndi zimene wasunga, kugawana pakutha pa chaka. Koma nayonso tayamba kuisokoneza. Munthu mmodzi akumalowa magulu atatu kapena anayi, kubwereka uku kuti akabweze uko, mpaka anzake kudzamulanda mbuzi ndi malata.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti kudalira chinthu chimodzi n'koopsa, ndipo atikumbutsa za nandolo. Zoonadi mu 2017 dziko la India litaika malire pa nandolo wolowa m'dzikomo, mtengo unagwa kwambiri ndipo alimi ndi mavenda kuno ku Balaka analira. Koma amene anapsa kwambiri ndi amene anakongola ndalama n'kuunjika matumba, kudikira mtengo umene umapangidwa kutsidya kwa nyanja ndi anthu amene sitiwadziwa. Imeneyo inali juga. Sindikuletsa kuonjezera geni yachiwiri, koma ibadwe kuchokera mwa yoyamba ndipo ilipiridwe ndi phindu la yoyambayo. Wokonza njinga ayambe kugulitsa machubu ndi masipoko. Wachigayo azigulitsa madeya. Wopikula nsomba ku Malombe aphunzire kuziwamba kuti zisamawole.

Kwa anzanga a geni, langizo langa ndi lalifupi. Gulani kope la ana asukulu, muzilemba zolowa ndi zotuluka tsiku lililonse. Dziikireni malipiro anu, ndalama zotsalazo n'za geni, zisamapite ku ndiwo kapena ku chinkhoswe. Ngongole kwa ogula muichepetse, ngakhale akhale achibale, pakuti K10,000 imene munakongoza mu Okutobala 2023 itabwera mu Januwale sinagulenso shuga wofanana.

Kwa boma ndi mabungwe obwereketsa ndalama, pempho langa n'lakuti muziyamba ndi ngongole zing'onozing'ono, n'kumaonjezera kwa yekhayo amene wabweza. Maphunziro a bizinesi azichitika m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndi zitsanzo za tomato ndi usipa zimene anthu akuzidziwa. Aphungu nawo atalikire mndandanda wa olandira ngongole.

Abale anga a kwa Kalembo, pang'onopang'ono ndi mtolo. 

Nzika yokhudzidwa,
Ulongwe, Balaka.