Ometa inu, lezala icoke pankhongo pathu

Sabata yatha mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa giredi 9, anabwera kunyumba kwanga atavala cisote ca ubweya dzuwa likuswa mtengo. Nditamuuza kuti avule anazengereza, kenaka anavula n'kutembenuka. Pankhongo ponse panali tiziphuphu, tina tofiira, tina titacita kale mafinya. "Amalume, anzanga akuti ndine wauve," anatero. Mwanayu amasamba m'mawa ndi madzulo. Camupweteka ndi lezala ya wometa, pamodzi ndi lamulo la kusukulu kwawo lakuti mutu wa mnyamata uzikhala mpala nthawi zonse.

Tsitsi lathu ndi lopotana, ndipo kupotanako kumayambira mkati mwa khungu. Kabowo kamene tsitsi limamerera n'kokhota, conco tsitsilo limatuluka litapindika kale. Mukalidula ndi lezala mpaka pakhungu penipeni, nsonga yake imatsala yakuthwa ngati singano. Pomera silipita m'mwamba ai. Limapinda n'kubaya khungu la pambali pake, mwina n'kukulira mkati momwemo osatuluka. Thupi limaliona ngati munga, ndiye pamatupa, pamayabwa, pamacita mafinya. Pandevu ndi pakhosi madokotala a khungu amati vutoli ndi pseudofolliculitis barbae, ndipo limagwira kwambiri amuna a tsitsi ngati lathuli. Ngakhale ku America, kumene msilikali amalamulidwa kumeta ndevu, kwa zaka zambiri asilikali ovutika motere, ambiri a iwo akuda, anali kutenga kalata ya dokotala yowalola kusiyako tindevu tating'ono.

Pankhongo m'pamene pamaopsa. Mwawaona abambo amene kumbuyo kwa mutu kuli zotupa zolimba zogundana, pamene tsitsi linaleka kumera. Anthu amanong'onezana kuti ndi matenda oyendayenda, ena akuti anawalodza. Ndi nthenda ya khungu yodziwika bwino, ndipo madokotala amacenjeza kuti kupala pankhongo pafupipafupi ndi kukhulika kwa kolala ya shati kumaikulitsa. Zipsera zake zikakhwima sizicoka ndi mafuta ogula pamsika.

Tsopano inu ometa. Sindikunyozani, ndikudziwa kuti mumaimirira tsiku lonse kuti mupeze ya ufa. Koma ambiri mwa inu munaphunzira cinthu cimodzi cabe: kucotsa kacipeso kumakina, kugwetsa zonse, kenaka kutenga lezala n'kujambula mzere pamphumi ndi pankhongo mpaka khungu lituwe. Mukatero mumathira sipiriti, munthu n'kulumpha, inu n'kumati ndiye kuti yagwira nchito. Sipiriti ingaphe tizilombo tina, koma siingawongole tsitsi limene mwalinola kale. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba malaiti n'kumathima maola ambirimbiri, ndinaona ometa ambiri akubwerera ku lezala ndi cipeso. Pamenepo panalibe cocita. Malaiti akayaka, lezala ija bwanji simukuibweza m'thumba?

Tizipeso tija timabwera m'bokosi limodzi ndi makina, ndipo tili ndi manambala. Nambala 1 imasiya tsitsi la mamilimita pafupifupi 3, nambala 2 imasiya 6. Mamilimita atatu n'ngocepa kwambiri, munthu ali cauko sangaone kusiyana ndi mpala. Koma ndi okwanira kuti nsonga ikhale pamwamba pa khungu, isabwerere kukabaya. Mzere wa m'mphepete ungathe kukonzedwa ndi makina omwewo, motsatira kumene tsitsi lagonera, popanda kukoka khungu ndi zala. Ndipo tsitsi lopotana limafuna kupesedwa kaye louma kuti wometa aone kutalika kwake kwenikweni, cifukwa mbali ina limafupika kuposa inzake. Izi zimadya mphindi zisanu zoonjezera, ndiye n'zimene ometa akuthawa.

Anzathu a tsitsi lofewa la mafunde ndiye amazunzika mwa mtundu wina. Tsitsi lotere limakoma likadulidwa ndi sizasi, pang'onopang'ono. Lowani m'mashopu asanu ometera m'komboni mwanu, muwerenge kuti sizasi yakuthwa muipeza mungati.

Nafenso ometedwa tili ndi mlandu. Ndife timakhala pampando n'kunena kuti "muwalitse, boyi," ndipo mzere ukapanda kuthwa timati wometayo sadziwa nchito. Ine ndemwe ndinacita zimenezi zaka zambiri, ndipo pansi pa cibwano panga pali mawanga akuda ondikumbutsa.

Koma amene ndalimbana nawo kwambiri ndi asukulu. Aphunzitsi adzati tsitsi lalifupi ndi ukhondo, limaletsa nsabwe, limathandiza kuti mwana wa wolemera ndi wa wosauka azioneka cimodzimodzi. Zonsezo ndavomera. Nanga nambala 1 si tsitsi lalifupi? Ndi nsabwe iti ingamange mudzi m'mamilimita atatu? Ponena za ukhondo, cipere cimayenda ndi makina ndi zipeso zosatsuka, conco mwana amene mukumutumiza kukameta sabata iliyonse ndiye mukumuika pamzere wocitenga. Cimene lamulo la mpala limaphunzitsa mnyamata n'cakuti tsitsi limene anabadwa nalo ndi litsiro loyenera kucotsedwa lisanaoneke. Ndiye pali aphunzitsi ena amene amadutsa ndi sizasi pa asembule n'kuboola njira pakati pa mutu wa mwana kuti anzake amuseke. Amenewo asandiuze za ukhondo.

Kwa anansi athu ku Malawi nkhani ya tsitsi la ana a sukulu inafika mpaka kukhoti. Mu May 2023 khoti lalikulu ku Zomba linagamula kuti sukulu za boma zisamakane ana a Cirasta cifukwa ca tsitsi lawo lopota. Ine pano sindikupempha zazikulu conco. Ndikupempha mamilimita atatu.

Mnyamata uja tinapita naye kukiliniki. Anamupatsa mankhwala opaka n'kumuuza kuti lezala isafikenso pankhongo mpaka papole, ndipo ngakhale papole asabwerereko. Ndinawapempha kuti alembe zimenezo papepala, analemba. Lolemba ndipita nalo ndekha kwa ahedi, cifukwa mlongo wanga amaopa maofesi. Ndikacoka kumeneko ndidutsira kwa wometa wathu, ndimufunse kuti tizipeso ta makina ake anatiika kuti.