Kamela Yosaonetsa Nkhope Siigwila Kawalala

Mu May 2025 kazembe wa America muno m'Zambia, a Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lao lidzacotsa madola 50 miliyoni pa caka pa thandizo la mankhwala cifukwa ca umbava. Mankhwala obedwawo ndi omwe aja timakupatsani kwaulele: a malungo, a TB ndi ma ARV. Ambili akuti tiike makamela m'zipatala. Ine ndivomela, koma ndifunsa: makamela otani?

Pa cipatala cina kumene ndinasewenzako kunasowa makatoni awili a Coartem m'nyengo ya dzinja, ana ali mbwee m'wodi. Kamela inalipo. Titayang'ana zimene inajambula tinaona munthu alowa ndi kutuluka, koma nkhope inali ngati cithunzithunzi ca m'madzi. Apolisi anati sangamange mthunzi. Mlandu unathela pomwepo, ndipo mlonda wosalakwa anayenda ndi manyazi caka conse.

Makamela akale aja olembedwa 700 TVL kapena 960H amatulutsa timadontho pafupifupi theka la miliyoni pa cithunzi cimodzi. Atsopano, ochedwa AHD, TVI kapena CVI, akakhala a 1080p amafika mamiliyoni awili, ndipo aliponso a mamiliyoni asanu. Ubwino wake amasewenzetsa nthambo yakale yomwe ija, simufunika kugumula cipupa.

Koma cenjelani, apa ndi pamene ogulitsa amatidyela. Kamela imangoona, cimene cimasunga zithunzi ndi bokosi lija lochedwa DVR. Bokosi lakale silingathe kulandila kamela yatsopano. Ena amagulitsa lolembedwa 1080N, limene limasunga theka cabe la zimene kamela ya 1080p yaona. Musanalipile, uzani wogulitsa aimilile pakhomo ajambulidwe, masana ndi usiku womwe, ndipo akuonetseni zimene bokosi lasunga, osati zimene zioneka pa TV nthawi yomweyo. Funsaninso kuti limasunga masiku angati lisanafafanize. Katoni yosowa nthawi zambili imadziwika pa kuwelenga kwa kumapeto kwa mwezi, tsono bokosi losunga sabata imodzi silithandiza. Izi zikhudzanso inu a tuntemba ndi magolosale m'makomboni.

Za malaiti musaiwale. Tonse tikumbuka mdima wa 2024 madzi atacepa ku Kariba. Bokosi lopanda batile kapena sola limagona pa nthawi imene kawalala amadzuka.

Tsopano mau anga kwa akomiti a zaumoyo kuno ku Chadiza. Ndalama zikacepa, gulani makamela awili abwino m'malo mwa asanu ndi atatu osaona. Imodzi iyang'ane khomo la nyumba ya mankhwala, ina pa geti pamene galimoto ya ZAMMSA imatsitsila katundu, ndipo zikhale pafupi ndi msinkhu wa munthu. Mukaipacika pamwamba kwambili mudzajambula zisote zokhazokha.

M'wodi, m'cipinda copimila ndi pa mzele wotengela ma ARV, kamela isapezekepo ai. Chadiza ndi yaing'ono, timadziwana tonse. Mai amene aopa kuti nkhope yake ioneka pa TV ya mu ofesi adzaleka kubwela kudzatenga mankhwala, ndipo tidzamuona miyezi itapita, atanyamulidwa pa ngolo. Lamulo la Data Protection la 2021 limaika nkhani za umoyo wa munthu pakati pa zinsinsi zofunika kusungidwa kwambili.

Makiyi a bokosilo asasungidwe ndi munthu amene asunganso makiyi a mankhwala. Izi ndinena ngakhale kuti nanenso ndine wanchito wa m'cipatala.