Nswadzi Sadzayera ndi Misonkhano

Mvula ikagwa ku Thyolo, mtsinje wa Nswadzi umachita katondo, ndipo feteleza ndi mankhwala a m'minda zimatsikira momwemo. Madzi omwewo ndiwo amayi athu amatunga.

Akuluakulu akuti anthu aleke kulima m'mphepete mwa mitsinje. Chabwino. Nanga akalime kuti, poti nthaka yabwino inapita ku maesiteti a tiyi nthawi ya atsamunda? Kusowa munda ndiko kunakweza anthu m'phiri la Thyolo nkhwangwa zili paphewa.

Lamulo la madzi la 2013 lilipo. Boma liyeze madzi otuluka m'maesiteti ndi m'midzi momwe, zotsatira zake lilengeze poyera. Kubzala mitengo ndi vetiva koma nkhani ya malo osaikhudza, kumeneko nkulemba m'madzi.

Aphungu a ku Thyolo, mwamva kodi?