Boulevardier pakhonde la amalume ku Chiwaridzo

Mwezi wathawu msuweni wanga, amene amagwira ntchito yosakaniza zakumwa pa hotela ina ku Harare, anabwera kudzacheza kuno ku Chiwaridzo atanyamula mabotolo atatu m'chikwama. Ankafuna kuonetsa bambo ake, amene kwa ine ndi amalume, ntchito imene imamudyetsa. Amalumewo anakalambira pansi pa nthaka ku mgodi wa Trojan, ndipo pakhomo pawo Chichewa sichinazime ngakhale kuti ana onse anabadwira m'Bindura momwe muno. Mnyamata anayala mabotolo ake pa tebulo la pakhonde nayamba bwino: "Ababa, choyamba timatenga toti imodzi ndi theka." Chiganizo chachiwiri chinatsimphina, chachitatu chinatuluka m'Chingerezi chokhachokha, ndipo nthabwala yotsekera inabwera m'Chishona. Amalume anamuyang'ana nthawi yaitali ndithu nati, "Iwe, ukulankhula ndi ine kapena ndi alendo ako a ku hotela?"

Tonse tinaseka, koma ine funsolo landikhala pamtima mpaka lero. Maganizo anga ndi akuti mnyamatayo sanasowe mawu. Chimene anasowa ndi chizolowezi chomva zinthu za mtundu umenewu zikunenedwa m'chilankhulo chathu, ndipo ife amene timalemba Chichewa tili ndi mbali yathu pa kusowa kumeneko, chifukwa timachisungira maliro, ukhondo, ulimi ndi gule, ngati kuti zina zonse za moyo wa m'tauni zili ndi eni ake.

Chakumwa chimene ankapangacho dzina lake ndi Boulevardier. Chinalembedwa koyamba mu 1927 m'buku la Harry McElhone, mwini wake wa Harry's New York Bar ku Paris, ndipo bukulo linati mwini nzeruyo anali Erskine Gwynne, Mmereka amene ankatulutsa magazini ya dzina lomwelo mumzindamo. Kalelo zinthu zitatuzo ankazithira mofanana: gawo limodzi wisiki wa bourbon, gawo limodzi vermouth wotsekemera wa ku Italy, gawo limodzi Campari. Masiku ano bungwe la International Bartenders Association limapereka muyeso wa mamililita 45 a wisiki, 30 a vermouth ndi 30 a Campari, kuti wisikiyo asamire m'zinzakezo. Amene anamvapo za Negroni adziwe kuti awiriwa ndi pachibale: mukachotsa wisiki n'kuikapo jini, mwapanga Negroni.

Tsopano taonani ngati Chichewa chikulephera pena paliponse. Tengani kapu yaikulu, muthiremo zitatuzo. Ikanimo zibuma za ayisi mpaka kupitirira theka. Takasani ndi supuni yaitali, modekha, kwa theka la mphindi kapena kucheperapo pang'ono, supuniyo izizungulira m'mbali mwa kapu. Musakhutchumule, pakuti kukhutchumula kumalowetsa mpweya ndi tizidutswa ta ayisi, ndipo chakumwa chimene chimayenera kuoneka mbee ngati mwala wofiira chimachita mbuu. Sefani potsanulira m'tambula yozizira kuti ayisi wotakasira uja atsale. Kenako sendani kakhoko ka lalanje, kopyapyala, kopanda zoyera za m'kati zija, mukafinyire pamwamba kuti mafuta ake awazikire pa chakumwacho, n'kukaponyamo.

Kuthira, kutakasa, kukhutchumula, kusefa, kutsanula, kusenda, kufinya, kuwaza. Aneni onsewa amayi athu amawagwiritsa ntchito kukhitchini tsiku ndi tsiku. Tilinso ndi mneni amene amanena chinsinsi cha ntchito yonseyi m'mawu amodzi: kusungunula. Kutakasa kuja cholinga chake si kuziziritsa kokha. Ayisi akamasungunuka, madzi ake amasungunula ukali wa mowa, ndipo popanda madziwo chakumwachi chimakhala cholemera ndi chotentha pakhosi. Ayisi asungunuka, mowa wasungunulidwa: tsinde ndi limodzi, ndipo wophunzira ntchitoyi atamva zimenezi m'Chichewa sangaiwale chifukwa chimene akutakasira. Msuweni wanga anaphunzitsidwa kuwerenga masekondi basi.

Pamene ndikuvomereza kuti pali ntchito yoti tigwire ndi pa mawu a kakomedwe, makamaka mneni kuwawa. Campari ndi wowawa, ndipo kuwawako ndiye mtima wa chakumwachi. Gaspare Campari anayamba kumupanga ku Novara, m'dziko la Italy, mu 1860, ndipo ali m'gulu la zakumwa zimene Azungu amamwa asanadye kuti zitsekule chilakolako cha chakudya; dzina lakuti aperitif likuchokera ku mneni wa Chilatini wotanthauza kutsekula. Koma ife tikati "chikuwawa" tikhoza kukhala tikunena ndulu, tsabola, chilonda kapena imfa ya m'bale. Amalume atalawa koyamba anakwinya nkhope nati, "Chikuwawa," ndipo mwana wawo anagwa mphwayi poganiza kuti achikana. Patapita kanthawi anawonjezera kuti, "Kuwawa kwake n'kwa mankhwala a mitengo, kumene kumatsala kumbuyo kwa lilime." Kumeneko sikunali kukana. Anali atafotokoza Campari molondola kuposa mmene mwana wawo anachitira m'Chingerezi.

Ena amati kufalikira kwa tanthauzo kotereku ndi umphawi wa chilankhulo. Ine sindikuona choncho. Chishona cha anzathu oyandikana nawo chili ndi kuvava, kumene nakonso kumanyamula zambiri, ndipo Chingerezi chomwecho chimatcha tsabola ndi moto ndi mawu amodzi popanda wina kuchidandaula. Chichewa chimasiyanitsa pogwiritsa ntchito chifanizo: kuwawa kwa ndulu, kuwawa kwa nimu, kuwawa kwa khoko la lalanje, kuwawa kwa kwinini. Pambali pake pali kuwawasa kwa bwemba ndi mandimu, kumene ndi chinthu china ndithu, ndipo m'Boulevardier mulibe. Kutsekemera kwa vermouth nakonso si kwa shuga wa mu tiyi. Ndi kuzuna kwa chipatso chouma, kokhala ndi fungo la zitsamba. Mawuwa alipo. Chimene sichinachitike n'chakuti wina akhale pansi n'kuwalemba motsatizana pa nkhani ngati imeneyi mpaka azolowereke.

Nanga maina? Apa ndi pamene ndimasiyana ndi abale anga okonda kupeka mawu atsopano pa chinthu chilichonse chachilendo. Ndinamvapo wina akunena kuti vermouth tizimutcha "vinyo wa zitsamba" ndipo Campari "chowawa chofiira". Monga kufotokozera, zimenezo n'zabwino, ndipo ine ndemwe ndingazigwiritse ntchito pouza munthu amene sanazionepo. Koma monga maina sizingagwire, chifukwa munthu wopita kukagula adzafuna dzina limene lili pa botolo. Komanso mainawa ndi obwereka kale kumene akuchokerako. Vermouth, amene Antonio Benedetto Carpano anamutchukitsa ku Turin kuyambira mu 1786, dzina lake linachokera ku Wermut, mawu a Chijeremani otchulira chitsamba chowawa chimene amathiramo. Whisky ndi mawu a Chigeliki, uisge beatha, madzi a moyo, amene Angerezi anawadula pakati chifukwa lilime lawo linakanika. Ngati iwo anabwereka osachita manyazi, ife tikuopa chiyani?

Ndipo tinabwereka kale. Kachasu, amene aliyense amamuyesa mbadwa, ndi cachaça wa Apwitikizi amene anakwera ndi mtsinje wa Zambezi kudzera ku Tete. Taonani mmene chilankhulo chinamulandirira: ngakhale akuyamba ndi ka-, sitinena kuti "kachasu kamphamvu" ngati kuti ndi kamwana kapena kambuzi. Timati kachasu wamphamvu, kachasu watha. Anaikidwa m'gulu limodzi ndi fodya, galu ndi tsabola, gulu limene limalandira alendo ambiri. Wisiki, vermouth ndi Campari akulowa pakhomo lomwelo popanda wowakankha: Campari wowawa, wisiki wakale, vermouth watha. Pakhonde paja palibe amene anaphunzitsa amalume zimenezi, koma pofunsa anati "Campari ameneyu", osati "chimenechi". Chibuku nacho dzina lake linachokera ku buku limene Max Heinrich ankalembamo za kafululidwe ka mowa wake. Dzina lakuti Boulevardier lokha ndi limene likuvuta pakamwa, ndipo maganizo anga ndi akuti polemba tilisiye mmene lilili, pakamwa pa anthu padzalisula pokha. Amalume anafika pa "Bulevadiya" usiku womwewo.

Pali chinanso chimene chinandisangalatsa. Lamulo la ku America limati bourbon ayenera kupangidwa ndi mbewu zimene zosachepera 51 peresenti ndi chimanga, n'kusungidwa m'migolo yatsopano ya mtengo wa oak yowauliridwa m'kati. Nditanena zimenezi amalume anaseka nati ndiye kuti ndi kachasu amene anapita kusukulu. Ndithudi, mawu onse a ntchito imeneyo tili nawo: kufulula, kuwira, kutcheza, ndi mutu, uja woyamba kudontha amene amakhala waukali kuposa wotsatira. Amayi otcheza kachasu ku Dedza kapena ku Tete angamve bwinobwino zimene zimachitika ku Kentucky atawafotokozera m'chilankhulo chawo.

Tsono n'chifukwa chiyani mnyamata wobadwira m'nyumba ya Chichewa amathawira ku Chingerezi akangogwira botolo la Campari? Mbali ina ya yankho ili m'mbiri ya makolo athu. Amene anachoka ku Nyasaland, ena pa malole a Ulere, ena kudzera kwa Mthandizi, ena wapansi, kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a chigawo chino cha Mazowe, Shamva ndi Bindura, anapeza lamulo loletsa munthu wakuda kugula kapena kumwa mowa wa Azungu. Chiletso chimenechi chinayamba kumasuka kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, moyamba pa mowa wa m'mabotolo ndi vinyo, ndipo zakumwa zaukali zinatsatira pambuyo pake. Wantchito wakuda anamuikira holo ya mowa wa masese, imene phindu lake linkapita kwa oyendetsa tauni kapena eni mgodi, ndipo wofuna chaukali ankapita mobisa ku kachasu ndi sikokiyani, uja anapatsa dzina nyimbo yotchuka ya August Musarurwa. Anyasa ambiri analinso ophika ndi operekera zakudya m'nyumba ndi m'mahotela a Azungu. Ankathira wisiki m'matambula, koma kulawa kunali mlandu, ndipo mawu a ntchitoyo ankawamva m'Chingerezi cholamula. Malire a chilankhulo pa nkhani ya zakumwa anatsata malire a lamulo. Lamulolo linafa kalekale, koma malire aja tikuwasungabe tokha m'kamwa.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuwerenga mokwinya nkhope, ndipo chifukwa chanu ndikuchilemekeza. Mowa wawononga mabanja ambiri m'makomboni a migodi, ndipo achinyamata a m'Chiwaridzo ndi m'Chipadze akupwetekeka ndi musombodia ndi zina zosadziwika kumene zapangidwira. Mungafunse kuti bwanji munthu wophunzira ataye nthawi pa chakumwa cha anthu olemera, chimene botolo lake limodzi sindinalionepo m'sitolo za kuno. Yankho langa ndi lakuti chenjezo lomwelo limafuna chilankhulo chokhoza kuwerenga. Tiyeni tiwerenge. Wisiki amakhala ndi ukali wa 40 peresenti kapena kuposa, Campari pafupifupi 25, vermouth pafupifupi 16. Pa muyeso uja, tambula imodzi ili ndi mamililita 30 a mowa weniweni wosasungunula, pamene botolo la mamililita 375 la mowa wa 5 peresenti lili ndi osakwana 19. Ndiye kuti katambula kamodzi kofiira, kozuna, kooneka ngati sobo, kaposa botolo limodzi ndi theka. Munthu amene wamva zimenezi m'chilankhulo cha kwawo ndi wotetezeka kuposa amene wangouzidwa kuti mowa ndi woipa. Kuwerenga komweku n'kumene kungamuthandize kumvetsa chifukwa chake kabotolo kotchipa ka pamsika kamagwetsa munthu msanga.

Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 anaika Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka. Tinakondwera, ndipo kunali koyenera, pakuti ana a machona anakhala zaka zambiri akutchedwa alendo m'dziko limene anabadwira. Koma mwana wa ku Chiwaridzo sasankha chilankhulo poyang'ana mndandanda. Amasankha chimene chimamutumikira pa ntchito, pa chibwenzi, pa foni ndi pa macheza a Loweruka madzulo. Akaona kuti Chichewa chimangotuluka agogo akadwala kapena zinyau zikatuluka ku dambwe, adzachilemekeza monga amalemekezera chithunzi cha pakhoma, ndipo ana ake sadzachimva n'komwe. Ine ndingakonde kuona wina walemba m'Chichewa mmene amakonzera injini ya pampu ya mumgodi, wina malamulo a mpira wa miyendo, wina kaphikidwe ka makeke. Ndayamba ndi chakumwa chifukwa ndi chimene chinafika pakhonde.

Usiku uja magetsi anali atazima kuyambira masana, choncho ayisi tinachita kukapempha kwa anansi amene ali ndi sola, ndipo anali wochepa. Msuweni wanga anadandaula kuti vermouth wake aonongeka, pakuti ameneyu ndi vinyo, ndipo botolo likatsekulidwa limafuna kukhala pozizira. Amalume anamuuza kuti apangenso kapu yachiwiri, koma ulendo uno afotokoze zonse m'Chichewa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, akaphonya abwerere. Anabwerera kawiri. Pa "strain" anaima, nayang'ana kwa ine, koma anali amayi ake amene anayankha ali kukhitchini kuti, "Kusefa, mwana iwe, ngati mmene ndimachitira ndi thobwa." Kapu yachiwiriyo amalume anaimwa theka, nanena kuti kwa iwo Campari wachuluka, ndipo ulendo wina adzathire wisiki toti ziwiri.